Mowa wa mpunga wa ku Japan amaufulula bwanji popanda chimera?

MwanaWaNdirande:
Abale, ndithandizeni. Amayi anga akhala akufulula masese kuno ku Ndirande kuyambira ndili wamng'ono, ndipo amati popanda chimera palibe mowa. Tsono ndamva kuti ku Japan amafulula mowa wotchedwa sake ndi mpunga wopuntha kale, woyera mbee. Mpunga woterewu sungamere. Nanga shuga wake amachokera kuti?

WakuLimbe:
Achimwene, ntchito ya chimera iwo amaipereka kwa chuku chotchedwa koji. Amaphika mpunga ndi nthunzi, n'kuuyala m'chipinda chofunda cha madigiri pafupifupi 30, kenako amawaza chukucho pamwamba. Kwa masiku awiri anthu sagona tulo tabwino, amadzuka usiku kukautakasa ndi manja kuti usatenthe mopitirira. Koji akamasandutsa mpunga kukhala shuga, yisiti nayo imakhala ikusandutsa shugayo kukhala mowa, zonse m'thanki imodzi. Mpunga, koji ndi madzi amazithira katatu m'masiku anayi kuti yisiti isalemedwe, kenako mowa umawira pang'onopang'ono kwa masabata atatu kapena kuposerapo.

MayiWakuZingwangwa:
Mwananga, ine chimandikhudza ndi munthu woyang'anira zonsezi, amene amamutcha toji. Kale ambiri anali alimi a mpunga. Akakolola, chisanu chikayamba, amasiya mabanja awo ku Iwate, ku Niigata kapena ku Tanba, n'kukakhala pamalo ofululira mowa mpaka nyengo yozizira itatha. Mwini fakitale anali wina, koma mowa ukaipa mlandu unali wa toji. Amaweruza ndi mphuno, lilime ndi zala, ndipo luso limeneli amaliphunzira zaka zambiri pansi pa mnzake wamkulu. Ngakhale natto, nyemba zowoletsa zimene amazikonda, ambiri sadya nthawi yofulula poopa kuononga koji. Mu 2024 bungwe la UNESCO linaika luso lofulula sake ndi koji pamndandanda wa chikhalidwe choyenera kutetezedwa. Amayi akowo uwalemekeze, ali ndi luso la mtundu womwewo m'manja mwawo.

MwanaWaNdirande:
Zikomo amayi. Ndiye ndi mpunga wa Kilombero zingatheke?

WakuLimbe:
Chovuta ndi kupala. Pa sake wapamwamba wa daiginjo amapala njere iliyonse mpaka kutsala theka kapena kuchepera apo, chifukwa kunjako kuli mafuta ndi mapuloteni oononga kakomedwe. N'chifukwa chake amalima mpunga wapadera wanjere zikuluzikulu, monga Yamada Nishiki wa ku Hyogo, umene suphwanyika msanga m'makina. Kilombero ndi wautali komanso wowonda, ndikuganiza kuti ungathyoke usanafike pamenepo. Vuto lina ndi kutentha kwathu kwa Okutobala, chifukwa sake amafuna kuwira pamalo ozizira.