Bulugamu wa gulu ndi zitsime za kudimba: amfumu akuti agwe yense

Mlangizi wa ku Chipangali:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru Loweruka lisanafike. Pali gulu la alimi a fodya lomwe ndimaliyendera. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo anadzala bulugamu woti azipezapo nkhuni za kubalani ndi mapolo. Munda wake unayambira pamtunda n'kutsika mpaka kukagunda dambo, ndipo mizere yakumunsi ili penipeni pomwe kale ankadzala mpunga. Mitengo yakula bwino zedi, makamaka yakumunsiyo. Koma zitsime za kumadimba, zomwe kale zinkapirira mpaka mvula yoyamba, tsopano zikumaphwa Seputembala asanathe. Amayi olima repu ndi tomato akadandaula kwa amfumu, ndipo amfumu alamula kuti bulugamu yense agwe. Eni mitengo akuti mlandu ndi wa chilala, osati wawo. Loweruka kuli bwalo, andiitana kuti ndikanene ngati wa za nkhalango. Chinanso, kumtunda kwa munda womwewo mitengo ina yayamba kuuma kuyambira kunsonga. Ndikanene chiyani?

Amayi a nazale, Katete:
Pepani alangizi. Koma zitsime za m'madambo ena oyandikana nawo, omwe alibe bulugamu, zikuphwa liti? Chiyambire chilala cha 2023/2024 chija, chomwe a Pulezidenti Hakainde Hichilema a kuno ku Zambia anachilengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse, kuno kwathu madambo ambiri anavutika, ena opanda ndi mtengo umodzi womwe wa bulugamu. Madzi a pansi sabwerera ndi dzinja limodzi labwino.

Mlangizi wa ku Chipangali:
Amayi, ndafunsako. Dambo la kuseri kwa phiri nalonso latsika, koma iwo akumatungabe mpaka kumapeto kwa Okutobala. Nthaka ndi yofanana, mvula ndi imodzi.

Madala wopuma ntchito, Kapata:
Ndiye kuti onse awiri akunena zoona, mwana wanga, ndipo ndi pamene pavutira nkhaniyi. Tiyambire apa: mtengo sumwa madzi n'kuwasunga. Pafupifupi onse amene mizu yakoka amakwera m'thunthu n'kutulukira m'masamba, m'tizibowo tating'onoting'ono tomwe mtengo umatsegula kuti upume mpweya wopangira chakudya. Otsala m'thupi mwake ndi ochepa kwambiri. Choncho mukafuna kudziwa mtengo womwe ukumwa kwambiri, musayang'ane kunenepa kwa thunthu. Yang'anani kuchuluka kwa masamba, ndiponso mwezi umene uli nawo.

Nkhalango yathu ya miombo, mitondo ndi mombo, imayoyola masamba m'chilimwe. Miyezi imeneyo imamwa pang'ono. Kenaka chakumapeto kwa Ogasiti mpaka Okutobala mumaona timasamba tatsopano tofiirira tija, mvula isanagwe, ikudalira mizu yozama ndi chakudya chomwe inasunga. Bulugamu alibe tchuthi chotero. Ali ndi masamba chaka chonse, amakula mothamanga, ndipo mizu yake ikangopeza madzi a pansi amamwa ndithu mu Okutobala momwe, dzuwa likuswa mtengo, nthawi yomwe dimba likufuna madziwo. Kuno mvula yathu ndi ya pafupifupi mamilimita 1,000 pachaka, yonse imagwa pakati pa Novembala ndi Epulo. Miyezi inayo aliyense akudya za m'nkhokwe imodzi.

Mwanena nokha kuti yakumunsi ndiyo yanenepa, yakumtunda ikuuma nsonga. Umboni wanu ndi umenewo. Yakumunsi yafika pa madzi a dambo. Yakumtunda sinafikepo, ikungolimbirana chinyontho cha mvula.

Mnyamata wa mijigo, Chipata:
Madala alankhula bwino, koma pabwalo anthu sakhulupirira zolankhula. Apatseni choti aone ndi maso. Mangani pepala la pulasitiki loonekera pa nthambi ya bulugamu ya masamba ambiri, cha m'mawa, pakamwa pake mumange ndi mphira. Lina mumange pa mtengo wachilengedwe wapafupi. Pofika masana pansi pa pepalalo pamakhala patasonkhana madzi. Ana a sukulu amachikonda chimenechi.

Chachiwiri ndi cha ife a madzi. Musayeze m'chitsime chomwe anthu akutungamo, chikunamizani. Bowolani dzenje lopapatiza m'mphepete mwa mizere yakumunsi mpaka mupeze madzi, ikanimo paipi ya pulasitiki yoboolaboola kumunsi, muvundikire. Lina mubowole m'dambo lomwelo koma kutali ndi mitengo. Muziyeza ndi kamtengo kowongoka kapena tepi, mbandakucha ndi madzulo dzuwa likulowa. Ngati mizu ikumwa pamenepo, madzi amatsika masana n'kukweranso pang'ono usiku, chifukwa usiku masamba atseka tizibowo tija. Kusiyana kwake ndi kwa masentimita ochepa chabe, ndiye woyeza akhale mmodzi ndipo aziyezera pa chizindikiro chimodzi pakamwa pa paipi.

Mlangizi wa ku Chipangali:
Achimwene, za paipizo sizitheka Loweruka lisanafike. Koma za pepala ndichita mawa lomwe.

Amayi a nazale, Katete:
Ine pepalalo ndikuliopa pang'ono. Mango nawonso adzakupatsani madzi m'pepala, mkuyu nawo chimodzimodzi. Mawa mudzamva kuti anthu akugwetsa mikuyu ya kumtsinje ati ikumwa madzi. Mukachita, mufotokoze kuti mtengo uliwonse wa masamba umatero, nkhani ndi kuchuluka kwake ndi pomwe wayima. Mkuyu umodzi si mitengo mazana yodzalidwa mothithikana.

Komanso muwerenge mainjini opopera madzi m'dambomo. Zaka khumi zapitazo anthu ankathirira ndi kheni. Lero wina wagula injini ya petulo, wina ya sola, dimba lakula kawiri, ndiye mlandu wonse n'kugwera bulugamu chifukwa ndiye wamtali woonekera patali.

Mlangizi wa ku Chipangali:
Mainjini alipo, amayi, simunaname. Ena mwa odandaula kwambiri ndi eni ake omwe.

Wa ku Mambwe:
Ndifunseko za zouma nsongazo, chifukwa kuno kuchigwa timaziona kawirikawiri pa mitengo yobwera. Tsanya wathu dzuwa likakula amapinda masamba ake awiri aja n'kuwaloza pansi kuti asawombedwe, zikafika povuta amawataya onse, basi wagona. Koma bulugamu ndi malaina timangoona nsonga zafa. Ndi chiswe kodi?

Madala wopuma ntchito, Kapata:
Chiswe chimabwera pambuyo, chikapeza mtengo wafooka kale. Chimayamba ndi ichi: madzi amakwera m'timitsempha ta m'thunthu ngati chingwe chosaduka, masamba akukoka kumwamba. Nthaka ikauma, kukokako kumakula mpaka mpweya umalowa m'timitsemphamo, chingwe chija n'kuduka. Pomwe pavuta kwambiri ndi kunsonga, kutali ndi mizu, n'chifukwa chake imfa imayambira kumwamba kutsika. Mtengo ukafuna kudziteteza umatseka tizibowo ta m'masamba, koma ukatseka nthawi yaitali sukupanganso chakudya, umayamba kudya zosunga. Ukatero tizirombo timaupeza wosavuta. N'chifukwa chakenso mitengo ina imafa chaka chimodzi kapena ziwiri chilala chitadutsa, anthu n'kumadabwa kuti mvula yagwa bwino koma mtengo ukuuma.

Alangizi, kakandeni khungwa la yodwalayo ndi chikwanje, kuyambira pansi. Pomwe mkati muli mobiriwira ndi monyowa, mtengowo ulipo. Muonenso mtunda wa pakati pa mitengo. Ngati anadzala mamita awiri awiri pa nthaka ya miyala ndipo sanapatulirepo, ikuphana yokha. Apatulire, achotse yofooka ndi yokhota, yotsalayo ipeze chinyontho. Nkhuni za kubalani za chaka chino zichokere pamenepo.

Mnyamata wa mijigo, Chipata:
Nanga amfumu akaumirira kuti onse agwe, madzi abwerera?

Madala wopuma ntchito, Kapata:
Apa ndiye pofunika kusamala pakamwa. Ku South Africa nkhani imeneyi anaiyeza kwa zaka zambiri, kuyambira ku Jonkershoek m'ma 1930. Pa malo ena otchedwa Mokobulaan anadzala bulugamu dera lonse lothira madzi mu kamtsinje kena. M'chaka chachisanu ndi chinayi kamtsinjeko kanaphweratu. Atadula mitengo yonse ili ndi zaka 16, madzi sanayambe kuyenda chaka chonse mpaka patapita zaka zina zisanu, chifukwa nthaka yozama yomwe mizu inaumitsa inayenera kuyamba yakhuta. N'chifukwa chake lamulo lawo la madzi la 1998 limawerengera minda ya mitengo ya malonda ngati ntchito yochepetsa madzi a m'mitsinje, yofunika chilolezo. Kwanu munda ndi waung'ono ndipo dambo ndi losazama, mwina zingafulumire, koma musakalonjeze kuti chaka chamawa zitsime zidzasefukira. Mukalonjeza, zikakanika, adzabwera kwa inu.

China, bulugamu ukamudula safa. Chitsa chimatulutsa mphukira zambiri, mizu ili yomwe ija yofika pa madzi, ndipo pakangopita zaka zochepa wayambiranso kumwa. Kudula kokha ndi kumumeta chabe.

Amayi a nazale, Katete:
Zoona madala. Kuno timasenda khungwa lonse la chitsa mpaka pansi pa nthaka, ndipo mphukira iliyonse ikatuluka timaithyola ikadali yanthete. Ntchito yake ndi yotopetsa, imafuna munthu woikidwiratu. Kutentha zitsa m'dambo ine sindivomereza, moto umathawira mu udzu.

Ndipo yakumtunda isagwe. Mukasiya mtunda uli mbee, mvula yoyamba idzakokolola dothi lonse kukakwirira zitsime zomwezo. Madzi olowa pansi kukadyetsa dambo amalowera kumtunda, pomwe pali zinyalala za masamba, udzu ndi mizu. Pansi pa bulugamu wothithikana nthawi zambiri pamakhala poyera, ndiye akapatulira alole udzu umere, aike akalozera ndi udzu wa vetiva mopingasa, ndipo asatenthe mochedwa.

Wa ku Mambwe:
Pomwe muchotse bulugamupo mudzadzalapo chiyani? Anthu akonda kunena mbawa kapena katope.

Amayi a nazale, Katete:
Penipeni pa dambo musadzale kanthu. Dambo ndi la udzu, lisiyeni likhale dambo. Katope ndi mbawa ndi ya m'mbali mwa mtsinje, nayonso imamwa, ingokhala apo ndi apo yogwira gombe. M'minda ya chimanga yapamwamba ndiye muikemo msangu. Uja ndi wosiyana ndi inzake, amayoyola masamba dzinja, chimanga chili m'munda, n'kuphuka chilimwe. Koma dziwani kuti masamba a chilimwewo amawadyetsa ndi madzi a pansi, muzu wake umapita kutali, choncho nayenso atalikirane, mamita khumi khumi monga timaphunzitsira. Za nkhuni zophikira apatseni gliricidia, mtengo uja anayesedwa kwa zaka zambiri ku malo ofufuzira za ulimi a ku Msekera. Amadulidwa pafupipafupi, sakhala ndi masamba ambiri nthawi yaitali. Mbande ndili nazo, zidzakhala zokhwima pofika 15 Disembala, nyengo yodzala mitengo ikamayamba.

Mlangizi wa ku Chipangali:
Zikomo nonse. Pabwalo ndikapempha kuti tiyende limodzi ndi amfumu, eni mitengo ndi amayi a madimba, tikhome zikhomo pomwe nthaka yakuda ya dambo yathera. Mizere yonse ya mkati mwa zikhomo ndi ina yoyandikira igwe, zitsa ziphedwe, mapolo agulitse eni ake. Yakumtunda ipatuliridwe. Mainjini azipopa mosinthana masiku. Chomwe chikundivutabe n'chakuti mizere yoti igweyo ndi ya anthu awiri okha m'gululo, ndipo ndiyo mitengo yabwino koposa.

Madala wopuma ntchito, Kapata:
Zimenezo musagamule ndinu, asiyireni amfumu ndi gulu. Mwina awiriwo angagawiridwe mitengo ina kumtunda. Inu mukanene za madzi zokha.

Mnyamata wa mijigo, Chipata:
Alangizi, mapaipi aja muikebe ngakhale bwalo litadutsa, ndipo muyambe kuyeza mitengo isanagwe, apo ayi simudzakhala ndi pofanizira. Ndili ndi zidutswa zotsala kuntchito. Mukabwera ku tauni mundiimbire, chobowolera chamanja ndikubwerekani, koma chibwere Lachitatu chifukwa chikupita ku Vubwi.