Wothamanga 100m anasewerapodi mpira wa ku America mpaka kutenga chikho?

MwanaWaKabwata:
Muli bwanji akuluakulu. Ndithandizeniko apa, amalume anga akulimbikira zoti kunali munthu wina anawina golide ya 100m ku Olympic kenako nkupita kukasewera mpira wa ku America uja ovala zipewa zolimba ndi zotchingira mapewa, ati mpaka anatenga chikho chachikulu cha kumeneko. Dzina aiwala. Ine zikundivuta kukhulupirira chifukwa anthu aja ndi zimphona, wothamanga angapirire kugundidwa choncho? Amene akudziwa andiuzeko dzina ndi chaka chake.

Amdala_a_Matero:
Amalume akowo akunena zoona mwana wanga. Dzina lake ndi Bob Hayes, wa ku Jacksonville ku Florida, anabadwa 1942. Anawina 100m ku Tokyo mu 1964 ndi masekondi 10.0, nthawi yofanana ndi rekodi ya dziko lonse masiku amenewo. Ndipo usaganize kuti ankathamanga pa labala ngati ya ku Heroes Stadium ayi, bwalo linali la phulusa lamakala lotsendera, ndiye iye anamupatsa mzere woyamba wamkati umene unali utakumbikakumbika ndi mapazi a anthu a mpikisano woyenda. Koma chimene anthu amachikamba mpaka lero ndi 4x100m, iye ndiye anali womaliza, analandira kamtengo matimu angapo ali kutsogolo kwake koma anawapitirira onse mmodzimmodzi mpaka timu yake inathyola rekodi ndi 39.0. Kayang'ane vidiyo yake pa YouTube uone kathamangidwe kake, si kokongola ayi, mapewa akugwedezeka miyendo yotangadza ngati wathawa njuchi, koma palibe anamuyandikira.

Ife a kuno Tokyo ya 1964 sitingaiwale, anyamata athu analowa masewerawo ngati Northern Rhodesia nkutuluka ngati Zambia, pakuti tsiku lotsekera linali 24 October lomwelo la ufulu wathu.

Mpira anayamba 1965 ku Dallas Cowboys, anakhalako mpaka 1974, chaka chomaliza 1975 anali ku San Francisco 49ers. Chikho ukunenacho ndi Super Bowl, anatenga mu January 1972 atagonjetsa Miami Dolphins.

NyaBanda_Chilenje:
Ba mdala mwafotokoza bwino koma pali chimodzi ndikufuna ndiwonjezere, chifukwa achinyamata akamva nkhani iyi amaganiza kuti liwiro lokha likwanira. Hayes sanaphunzire mpirawo atachoka ku Tokyo ayi, anali wampira kale ku yunivesite ya Florida A&M, Cowboys anamusankha mu December 1963 asanapite nkomwe ku Olympic. Ntchito yake inali yothamangira kutsogolo nkuwakha mpira woponyedwa kuchokera kutali, ndiye pamenepo uyenera kudziwa pokhota, poima, potembenuka kuyang'ana mpira uku munthu akubwera kudzakugwetsa, manja asanjenjemere. Pa 100m palibe amakukhudza, mzere ndi wako wekha.

Umboni wake ndi Jim Hines. Uyu anawina 100m ku Mexico City mu 1968 ndi 9.95, liwiro loposa la Hayes pa wotchi, Miami Dolphins nkumutenga poganiza kuti apezanso Hayes wawo. Chaka cha 1969 anawakha mipira iwiri chabe, 1970 anapita ku Kansas City Chiefs basi nkhani yathera pomwepo. Ine zimandimvetsa chisoni chifukwa munthu wamkulu ngati uja anthu ankamuseka pa ntchito imene sinali yake, pomwe rekodi yake ya 100m inakhala zaka pafupifupi 15 osathyoledwa.

Coach_wa_Chawama:
Amayi mwalasa. Ine ndimaphunzitsa ana kuthamanga ndiye ichi ndimachiona ndi maso, mwana wothamanga kwambiri mukamuika pa wing mu mpira wathu wamiyendo amausiya mpira kumbuyo iye ali kutsogolo, kapena afika pa kona mutu uli pansi osaona kuti anzake ali kuti. Hayes anali wosiyana, zaka ziwiri zoyamba 1965 ndi 1966 ndiye anatsogola ligi yonse pa ma touchdown (zigoli za mpira umenewo) owakha, 12 kenako 13. Panalibe womulonda mmodzi amene akanatha kuthamanga naye, ndiye ambiri amanena kuti ndi chifukwa cha iye matimu anayamba kudalira kwambiri kulonda malo m'malo molonda munthu, aliyense asunge dera lake Hayes akadutsa wina amulandire. Munthu mmodzi kusinthitsa kaseweredwe ka matimu onse, zimenezo sizichitika wamba.

Koma ine mwana wanga wa liwiro sindingamukankhire ku mpira umenewo, kuno tili ndi njira yathu. Samuel Matete anakhala katswiri wa dziko lonse pa 400m yodumpha mipiringidzo mu 1991, ku Tokyo komweko, nkudzatenga siliva ku Atlanta 1996. Muzala Samukonga watibweretsera bronze ya 400m ku Paris 2024. Tiwasunge pa track ana awa, tiwapezere ma spikes ndi chakudya chokwanira.

MwanaWaKabwata:
Zikomo kwambiri nonse, vidiyo ija ndaiona ba mdala, eee munthu uja ankauluka. Nanga anathera kuti, alipo?

Amdala_a_Matero:
Anamwalira mu 2002 ali ndi zaka 59. Atasiya mpira moyo unamuvuta, mowa ndi mankhwala osokoneza bongo, mu 1979 analowa kundende pa mlandu wa mankhwalawo anakhalako miyezi 10. Ulemu wa Hall of Fame ya mpirawo (mndandanda wa akatswiri olemekezeka kwambiri) anamupatsa mu 2009 iye atapita kale, ine chimenecho chimandiwawa, akanamupatsa akadali moyo aone ndi maso ake.