Honda Fit ya ku Japan: za recall zi ndi zoona kapena akungondiopseza?

wathonje_Ngabu

Moni nonse mu gulu muno. Pali bambo wina ku Nchalo akugulitsa Honda Fit ya 2009, ija ya GE6, inalowa kudzera pa Dar zaka zingapo zapitazo. Injini ikumveka bwino, mafuta siidya, tinayiyesa kukwera Thabwa inakwera osabanika. Maganizo anga ndi oti izitengera ana ku sukulu komanso masiku a msika ndizinyamulako anthu Ngabu-Dyeratu kuti izidzigulira yokha mafuta. Ndiye alamu anga amene ali ku Joni andiuza pa WhatsApp kuti ndisayerekeze kulipira ndisanaone nkhani ya recall, akuti ma Fit amenewa ena ali ndi airbag yopha anthu. Ine ndadabwa, airbag si yoteteza munthu kodi? Nanga recall yo ndi chani kwenikweni, imatikhudza ife a kuchigwa kuno kapena ndi za kunja zomwezo? Tandithandizani akuluakulu, ndalama zake ndi za thonje kuphatikiza ng'ombe, sizibwera kawiri.

dalaivala_Bangula

kkkkk achimwene gulani galimoto iyo musachedwe wina akupitirirani. Ma Fit adzadza Limbe yonse, munamvapo kuti wina waphedwa ndi airbag? Kuno chopha munthu ndi ng'ombe zogona pa tala usiku, maenje ndi kabaza wopanda magetsi. Inu onani mashoko, giyabokosi ndi ma CV joint basi, za recall asiyileni a ku Joni.

makaniko_Dyeratu

A Bangula pa ng'ombe po simukunama koma pa airbag po musawasocheretse bambowa. Alamu awo akunena zoona.

Recall ndi pamene kampani yavomereza kuti galimoto za mtundu wakuti, zopangidwa kuyambira tsiku lakuti mpaka lakuti, zili ndi vuto lochokera ku fakitale lomwe lingavulaze anthu, ndiye imaitana eni ake kuti abweretse kwa dila akakonze ulele. Ya airbag yi ndi ya kampani ya Takata ya ku Japan, imene inkapangira ma airbag a Honda, Toyota, Nissan, Mazda, Subaru ngakhale BMW. Honda inayamba kuitanitsa galimoto zake mu 2008, poyamba zochepa chabe, kenako nkhani inakula mpaka ku America kokha ma airbag pafupifupi 67 miliyoni, dziko lonse cha m'ma 100 miliyoni. Takata yo inavomera mulandu ku khothi ku America, chindapusa 1 biliyoni ya madola, ndipo mu 2017 inagwa osadzukanso.

Vuto lake lili pa kachitini kachitsulo kamene kamakhala kuseri kwa chiwongolero komanso mu dashibodi mbali ya pasenja. Mkatimo muli mankhwala amene amayaka mwachangu kutulutsa mpweya wofufumitsa thumba lija mukawombana ndi chinthu. A Takata anagwiritsa ntchito ammonium nitrate, yemwe uja ali mu feteleza wa CAN. Inu a Ngabu ndinu mlimi mukudziwa zomwe zimachitika thumba la CAN likakhala malo a chinyontho, silikhalanso momwe munaligulira. Mu kachitini muja chimodzimodzi, chinyontho chikalowa ndiye masana kutentha usiku kuzizira chaka ndi chaka, mankhwala aja amawonongeka ndipo tsiku la ngozi amayaka mopyola muyeso, kachitini kamaphulika, tizitsulo timatuluka kulunjika kumaso ndi pakhosi pa dalaivala. Ngozi yaing'ono yoti munthu akanatuluka nkumakangana ndi mnzake pamsewu, munthu nkufera pompo. Ku America anthu oposa 20 anafa choncho. Ku Malaysia mu 2014 mayi woyembekezera anafa mu Honda City, yomwe ndi m'bale wake wa Fit.

Tsono apa ndi pomwe ife tikuyenera kutchera khutu kuposa a ku Dedza kapena ku Mzuzu. A ku America pokonza sanayambe paliponse, anayambira madera otentha a chinyontho ngati Florida, Hawaii ndi Puerto Rico chifukwa anapeza kuti kumeneko mankhwalawa atha kuyamba kuwonongeka pakangotha zaka 6. Nanga ife? Okutobala ndi Novembala ku Ngabu ndi ku Nsanje timapyola madigiri 40, galimoto itaima pa dzuwa magalasi otseka dashibodi yake simungayigwire ndi dzanja, kenako dzinja lifika ndi chinyontho cha Shire ndi madambo athuwa. Osanenanso galimoto zomwe zinamwa madzi nthawi ya namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 nkungoziyanika kenako kugulitsa. Fit ya 2009 yadya kale zaka zoposa 15.

Ndipo musadalire kagetsi ka airbag ka pa dashibodi, vuto ili sikaliona. Kamayaka nkuzima bwinobwino ngati zonse zili bho.

mayi_wa_maoda

Bambo a Ngabu ine ndimathandiza anthu kuitanitsa galimoto ku Japan ndiye ndikuuzeni poyambira. Pemphani ogulitsawo akutumizireni chithunzi cha chasisi nambala, ya pa galimoto penipeni osati ya pa pepala yokha, kenako muyerekeze ndi ya pa blue book. Za ku Japan imayamba ndi GE6 kenako kamzere ndi manambala 7. Honda ya ku Japan ili ndi tsamba pa intaneti loonera recall, mumalemba nambala imeneyo ndipo imakuuzani ngati pali yomwe sinakonzedwe. Lili mu Chijapanizi koma Chrome imamasulira, mwana aliyense wa foni akuthandizani. Musataye bandulo pa tsamba loonera recall la ku America, limafuna nambala ya zilembo 17 ndipo galimoto za msika wa ku Japan silizidziwa, anthu ambiri amapusitsika pamenepa nkumati galimoto ilibe vuto.

Chinanso funsani chaka chomwe inatuluka ku Japan. Kuyambira Meyi 2018 boma la kumeneko linayamba kukaniza shaken, ndiye COF yawo, galimoto zina za Takata zomwe eni ake sanakakonzetse, ndiye yomwe inakhalitsa kumeneko ikuyenda pamsewu mwayi woti inasinthidwa ndi waukulu. Yomwe inatuluka kale kalata za recall zisanatumizidwe ndiyo yoopsa, kalata inapita kwa mwini wake wakale ku Osaka galimoto ili ku Nchalo kkk. Ena amaonanso kasitika kakang'ono pa felemu ya chitseko cha dalaivala, kakakhalapo ndi chizindikiro chabwino koma kusakhalapo sikutanthauza kanthu.

Komanso Fit si airbag yokha. Ija yakale ya GD, mu 2010 Honda inaitanitsa zokwana 646,000 chifukwa cha switch ya mawindo ya mbali ya dalaivala, madzi akalowamo inkatha kuyaka moto, ndipo mwana wamng'ono anafa ku Cape Town mu 2009. Ma Fit ena a GE, m'badwo wa yanuyo, anali ndi yawo mu 2011, pafupifupi 700,000 pamodzi ndi Honda Freed ndi City, tima spring ta mu injini tinkapindika kapena kuthyoka, injini nkuyamba phokoso mwinanso kuzima ikuyenda. Taganizani ikuzimireni mukutsika Thabwa mutanyamula anthu. Ija ya hybrid ya GP5 yomwe anyamata akuikonda pano inaitanitsidwa maulendo 5 pakati pa 2013 ndi 2014, makamaka nkhani ya giyabokosi ndi mapulogalamu a kompyuta yake, mpaka bwana wamkulu wa Honda nthawi imeneyo Takanobu Ito anadzidula malipiro. Sikuti Fit ndi galimoto yoipa ayi, ine ndimaikonda, galimoto ya ma recall ambiri ndi bwino kusiyana ndi ya kampani yobisa. Nkhani ndi yoti yanuyo inakonzedwa kapena ayi.

wathonje_Ngabu

Zikomo kwambiri amayi, zikomonso a makaniko, apa ndamva. Ndawaimbira ogulitsa aja akuti chithunzi atumiza madzulo akaweruka ku shuga. Koma nanga ikapezeka kuti airbag sinasinthidwe ndipange bwanji, sindingangogula ina kwa ophwasula galimoto ku Ndirande nkuikamo? Kapena kungoichotsa basi?

makaniko_Dyeratu

Ya kwa ophwasula ayi bambo, imeneyo ndiye kugula vuto lomwelo ndi ndalama zanu. Yachotsedwa mu Fit ina ya zaka zomwezo, simukudziwa kuti ndi yakale kapena yosinthidwa, mwinanso yakhala pa mvula pa yadi miyezi. Chofunika ndi kachitini katsopano kochokera kwa dila wovomerezeka wa Honda, ndipo ndinene mosabisa, galimoto yolowa ngati yakale kuchokera ku Japan musaganize kuti ulele uja ndi wachidziwikire, muyambe mwafunsa ndi chasisi nambala m'manja kuti angachite chani ndipo pa mtengo wanji. Alamu anu ali ku Joni angakufunsireni kumeneko za sipeya yake. Mtengowo ndi umene mukachotsere pa zomwe ogulitsa akutchula, akakana asiyeni, ma Fit sanathe.

Zochotsa ine sindimalimbikitsa munthu kuti angopita pansi pa mtengo nkuyamba kumasula chiwongolero, chimene chija ndi chophulika, batire imayenera kuchotsedwa kaye ndipo wogwira akhale woti anagwirapo. Komanso mukachotsa ndiye kuti mwatsala ndi lamba yekha, ndipo pamsewu wathuwu ndi angati amamanga lamba?

dalaivala_Bangula

Chabwino ndagonja pang'ono kkkk koma mashoko muonebe, msewu wa ku East Bank sudziwa recall. Amayi tandiuzeni, Sienta yanga ya 2006 nayonso ndingaone pomwepo?

mayi_wa_maoda

Ayi achimwene, imeneyo pitani pa tsamba la Toyota ya ku Japan, nayonso ili ndi poonera pake. Chasisi nambala yanu iyamba ndi NCP81 kapena NCP85, ikakuvutani nditumizireni ku inbox ndikuonereni usiku netiweki ikakhazikika.