Kukagona m'chipululu cha Richtersveld ndi Hilux: ndikonzekere bwanji?

Chisale wa ku Turffontein:
Akuluakulu, ndithandizeniko nzeru. Tilipo anthu anayi, tikufuna tikagone masiku anayi ku Richtersveld, paki ya m'chipululu kumalire a South Africa ndi Namibia, mu Disembala ntchito zikatsekera. Galimoto ndi Hilux double cab ya dizilo, 4x4, matayala ndi omwe inabwera nawo, sipeya imodzi. Anzangawa akufuna tikamange tenti pamwamba pa phompho kuti tizidzuka tikuona mtsinje wa Orange kunsi. Tidzere njira iti kuchokera ku Joni kuno, titenge chiyani, ndipo chimene chimavuta kwambiri kumeneko n'chiyani?

Makaniko wa ku Booysens:
Achimwene, tiyambire pa matayala chifukwa ndi pamene ulendo umenewu umathera anthu ambiri. Miyala ya kumeneko ndi yakuthwa ngati mpeni, ndipo simaboola pamwamba pa tayala ayi, imang'amba m'mbali momwe mphira ndi wopyapyala. Kuboola kwa pamwamba mumatseka ndi mapulagi m'mphindi khumi. Kung'ambika kwa m'mbali, tayalalo latha basi. Ndiye sipeya imodzi siyokwana. Tengani ziwiri, ndipo ngati thumba likulola ikani matayala a all-terrain (oyenda pa tala ndi pa dothi pomwe) olembedwa LT (light truck) m'mbali, chifukwa khoma lake ndi lokhuthala.

Za mphweya: pa tala siyani momwe palembedwera pa chitseko cha dalaivala. Mukalowa msewu wa dothi tsitsani mpaka cha pa 1.8 bar, galimoto imasiya kudumphadumpha ndipo mabawuti samasuka msanga. Mu mchenga wakuya 1.2, mukatitimira 1.0. Pansi pa 1.0 musapite, chifukwa mukakhota mwamphamvu tayala limavuka pa rimu. Mukabwerera pa tala pompani nthawi yomweyo, tayala lofewa likamathamanga limatentha mpaka kuphulika. Choncho kompuresa ndi geji n'zofunika. Kompuresa ikhale yolumikiza ku batire ndi zopanira, osati ya pa malo oyatsira fodya, imeneyo imapsa fuzi musanamalize tayala lachiwiri.

Jeke ya galimoto imamira mu mchenga. Tengani thabwa lokhuthala la masentimita 30 mbali zonse loti muziikapo jekeyo.

Mai Nabanda, Randburg:
Bambo Chisale, Disembala ayi. Kumeneko nthawi imeneyo kutentha kumapitirira madigiri 45, ndipo mitengo ya mthunzi ili m'mbali mwa mtsinje mokha. Galimoto ikangofa masana muli kutali ndi mtsinje, nkhani yake imakhala ina. Miyezi yabwino ndi kuyambira Epulo mpaka Seputembala. Mu Juni ndi Julaye usiku kumazizira zedi, tengani mabulangete ngati mukupita ku Dedza. Ogasiti ndi Seputembala ndi nthawi ya maluwa ku Namaqualand, dera limene mudzadutsemo, ngati mvula yagwa bwino, koma malo amadzaza, muyenera kubukitsa kudakali miyezi.

Njira: tulukani ndi N14 kudzera ku Vryburg, Kuruman mpaka Upington, makilomita pafupifupi 800. Gonani pamenepo. Mawa lake N14 yomweyo kudzera Kakamas ndi Pofadder mpaka Springbok, kenako N7 mpaka Steinkopf, mukhote ndi R382 kupita ku Port Nolloth, mukwere m'mbali mwa nyanja mpaka Alexander Bay. Kuchokera pamenepo kukafika ku Sendelingsdrif, kumene kuli ofesi ya paki, ndi makilomita pafupifupi 90 ndipo ambiri ndi a dothi. Zonse pamodzi muwerengere makilomita 1,500 kupita kokha. Musakakamize kulowa m'paki tsiku lachiwirilo, gonani ku Springbok kapena ku Port Nolloth, mulawire m'mawa. M'pakimo saloleza kuyendetsa usiku, ndipo mtunda woti pa mapu ukuoneka waufupi umatha kudya maola atatu.

Zogula zikuluzikulu malizirani ku Springbok.

Gama 4x4:
Nkhani ya phomphoyo ndiyankhe ine. M'paki simumanga tenti paliponse pamene pakusangalatsani. Malo ogona ndi oikika ndipo mumabukitsa kwa SANParks, bungwe loyang'anira mapaki a boma la South Africa: Potjiespram, De Hoop ndi Richtersberg ali m'mbali mwa mtsinje, pomwe Kokerboomkloof ili kumtunda pakati pa matanthwe akuluakulu. Ngati anzanuwo akufuna malo okwera a miyala ndi bata, Kokerboomkloof ndi yomweyo, koma dziwani kuti kulibe madzi, dontho lililonse mumanyamula nokha. Ngati akufuna kuona mtsinje ndi mapiri atawazinga, De Hoop kapena Richtersberg. Masiku awiri uku, awiri uko, zimakhala bwino.

Ngakhale kwina kumene amaloleza kugona pafupi ndi phompho, m'mphepete mwenimweni si pogona. Mphepo ya madzulo imakwera ndi khoma la phompholo n'kudzamenya mwamphamvu pamwamba pomwepo, tenti imanyamuka ngati kaiti. Chachiwiri, thanthwe la m'mphepete limatha kukhala lodyeka kunsi, pamwamba likuoneka lolimba. Chachitatu ndi chimene anthu amachiseka koma n'choona: munthu wadzuka usiku kukataya madzi, ali ndi tulo m'maso, tochi wasiya mu tenti, mwinanso anamwako. Tenti ikhale mamita osachepera 20 kuchokera m'mphepete, khomo lake liloze kumtunda. Galimoto iimikeni mopingasa, osati yoloza kuphompho, muisiye mu giya, handibuleki yokoka, miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala.

Zikhomo za tenti sizilowa pa thanthwe ndipo mu mchenga zimazuka. Mangani chingwe pa kamwala kakang'ono, kenako tsamiritsani mwala waukulu pamwamba pa chingwecho kutsogolo kwa kamwalako. Mu mchenga kwirirani thumba lodzaza mchenga n'kumangirira pamenepo. Ndipo musagone m'khwawa louma ngakhale mchenga wake ndi wofewa bwanji. Mvula imatha kugwa ku mapiri kutali inu osaiona, madzi n'kubwera usiku.

Makaniko wa ku Booysens:
Ndionjezepo za kayendetsedwe pa mitunda ngati Akkedis Pass. Lowetsani low range, magiya amphamvu oyendera pang'onopang'ono, musanayambe kukwera, osati mutakanirira pakati. Potsika, giya yoyamba ya low range, phazi lichoke pa klatchi, injini ndi imene igwire galimoto. Mukaponda klatchi potsika galimoto imathamanga yokha, mukamenya mabuleki matayala amakhwekhwereza pa timiyala ndipo chiwongolero chimasiya kumva. Mwala waukulu musaudutsitse pakati pa galimoto, kwezanipo tayala, chifukwa pakati ndi pamene pali difu ndi sampu. Malo akakhala okayikitsa mmodzi atsike, aime kutsogolo poti dalaivala akumuona, azilozera ndi manja. Mmodzi yekha, osati onse atatu kumakuwa.

Diff lock, imene imachititsa matayala onse akumbuyo kuzungulira limodzi, yatsani pokhapokha pamene tayala lina lili m'malere kapena likupota, mukadutsa zimitsani. Ikakhala yoyaka galimoto imakana kukhota.

Mkulu Mwale, Germiston:
Apa pa mphweya ine nditsutsanako pang'ono ndi amakaniko. Galimoto ya anthu anayi, madzi, mafuta ndi katundu ndi yolemera. Mukatsitsa kwambiri pa miyala, mimba ya tayala imatuluka m'mbali, ndiye mwaipereka nokha kwa mwala. Pa katundu wotere kumbuyo musatsike pansi pa 2.0 pa miyala, kutsogolo 1.8. Mchenga ndi nkhani ina.

Makaniko wa ku Booysens:
Akulu mwanena zoona ngati matayala ali omwe aja a kufakitale. Ine ndimanena za LT. Achimwene a Chisale, mukapanda kusintha matayala tsatirani za a Mwale, ndipo liwiro likhale la munthu woyenda pansi.

Mai Nabanda, Randburg:
Madzi tiwerengere limodzi. Munthu mmodzi malita 6 patsiku akumwa ndi kuphikira, anthu anayi masiku anayi ndi malita 96. Onjezani a masiku awiri ngati galimoto yafa, amenewo ndi 48, ndi ena 10 a radiyeta. Mwafika cha pa 150, kutanthauza makilogalamu 150. Musaike onse mu thanki imodzi, ikabooka mwataya onse. Zigubu za malita 20 kapena 25 zingapo, zikhale pansi m'bodi kutsogolo kwa matayala akumbuyo, zomangidwa ndi malamba. Padenga ikanipo zopepuka zokha monga matiresi ndi mipando. Zolemera padenga ndi zimene zimagubuduza galimoto pa msewu wopendekeka. Madzi a mumtsinje ndi osambira ndi kutsukira mbale, akumwa awiritseni kaye.

Nkhuni kutola m'paki n'koletsedwa, gulani panjira kapena tengani gasi. Zinyalala mumatuluka nazo. Chakudya musasiye poyera kumtsinjeko, apusi ndi anyani amatsegula ngakhale kulaboksi. Nsapato muzikutumula m'mawa, ndipo usiku osayenda ndi patapata. Zinkhanira za kumeneko za mchira wonenepa ndi timanja ting'onoting'ono ndi zimene zili ndi ululu woopsa, makamaka kwa ana, ndipo chipatala chili kutali.

Gama 4x4:
Mafuta: thanki ya Hilux ndi malita 80, koma mu low range ndi mu mchenga imamwa kuposa pa tala, musawerengere monga mumachitira pa N1. Dzazani ku Port Nolloth, muonjezerenso paliponse pamene mwapeza, ndipo zigubu ziwiri za chitsulo za malita 20 zikhale zodzaza. Netiweki mukangolowa mkati iwalani, ndiye mapu tsitsirani mu foni mudakali kuno, a Tracks4Africa amaonetsa tinjira ta m'pakimo, ndipo tengani ndi a pepala pa ofesi. Siyani uthenga kwa wachibale wa malo amene mugone usiku uliwonse ndi tsiku lotuluka. Galimoto ikafa khalani pa galimotopo, pangani mthunzi, musayambe kuyenda pansi masana. Kukhala magalimoto awiri n'kwabwino koposa. Mukamakokana, lamba asamangidwe pa mpira wa towbar (chitsulo chokokera ngolo), umathyoka n'kuuluka ngati chipolopolo, mangani pa malo okokera omangidwa ku chassis.

Chisale wa ku Turffontein:
Zikomo akuluakulu, ulendo tausunthira ku Meyi ndipo sipeya yachiwiri ndiyamba kusaka. Funso lomaliza: ndamva kuti pali pantoni, bwato lonyamula galimoto, yowolokera ku Namibia, ndi pasipoti ya Malawi zimatheka?

Mkulu Mwale, Germiston:
Pantoniyo ili pa Sendelingsdrif pomwepo, ndipo ndi chipata chenicheni cha malire, amadinda mbali zonse. Ndiye pasipoti ndi pemiti yanu ya kuno zikhale zosatha, apo ayi mudzavutika pobwerera. Tengani mapepala a galimoto, ndipo ngati idakali pa ngongole mufunika kalata ya ku banki yololeza kuitulutsa m'dziko. Mtsinje ukadzaza pantoniyo imaima, imbani ku ofesi ya paki sabata yonyamukira. Pasipoti muitenge ngakhale simukuwoloka, chifukwa SANParks ili ndi mtengo wa anthu a mu SADC wotsikirapo kuposa wa alendo akunja, ndipo pa kauntala amafuna kuiona.