Achibale akumwetsa madzi mobisa wodwala mtima, ndiwalankhule bwanji?

Namwino wa usiku:
Anzanga, ndithandizeni nzeru chifukwa mutu wandiima. Tili ndi bambo achikulire a heart failure (mtima wofooka umene sukupopa magazi mokwanira) amene adabwera ali ndi befu, miyendo itatupa mpaka m'maondo. Adokotala adalemba kuti zakumwa zisapitirire lita imodzi ndi theka pa tsiku, ali pa furosemide wa mumtsempha (mankhwala okodzetsa ochotsa madzi m'thupi), ndipo timawayeza pa sikelo m'mawa uliwonse. M'masiku atatu sikelo yakwera ndi makilogalamu 2 pamene tchati cha madzi (pamene timalemba zimene amwa ndi zimene akodza) chikuoneka bwinobwino, ndiye usiku wathawu ndinapeza akazi awo akuwamwetsa m'kapu imene anaibisa kuseri kwa pilo. Nditawafunsa anayamba kulira, n'kunena kuti sangaonerere amuna awo akuuma kukhosi. Mwana wawo wamkulu akuti ndife ouma mtima. Ndafotokoza kawiri konse koma sizikumveka, ndipo kuwakalipira sindikufuna chifukwa ndikuona kuti ali ndi mantha. Inu mumatani?

Sisita woyang'anira wodi:
Chotsani makapu ndi mabotolo onse pafupi ndi bedi, mulembe m'fayilo zimene mwaona pamodzi ndi nthawi yake, ndipo muuze adokotala lero lomwe. Makilogalamu 2 m'masiku atatu si nkhani yonyengererana, chifukwa ndi madzi amene akuchuluka m'thupi, ndipo madzi amenewo akathera m'mapapo mudzafunsidwa ndinu.

Namwino wa zaka zambiri pa ntchito:
Kulemba m'fayilo n'kofunika, a Sisita, koma kulanda makapu kumangowaphunzitsa kubisa mochenjera. Achemwali, mayiwo apatseni ntchito. Tengani jagi, muikepo chizindikiro cha mlingo wa tsiku lonse, muwapatse kapu yaing'ono ndi pepala, ndipo muwauze kuti owerengera ndi iwowo. Munthu amene wakhala akusamalira mwamuna wake kwa zaka zambiri amavutika kwambiri kukhala manja lende pambali pa bedi, ndipo kumwetsa madzi ndi chinthu chokhacho chimene akuona kuti angathe kuchita. Muwaonetsenso kunyowetsa milomo ndi kansalu, kuwatsukitsa m'kamwa n'kulavula, komanso kuwapatsa tizidutswa ta ayezi, koma ayeziyo nayenso alembedwe pa tchati. Pofotokoza musayambe ndi manambala. Ine ndimadina pa mwendo wotupawo achibale akuona, chala n'kusiya kadzenje, kenako ndimawauza kuti madzi omwewa ndi amene akuwalepheretsa bambo kugona chagada, chifukwa mtima wofooka sukutha kuwapopa. Mukatha muwapemphe kuti akubwerezereni m'mawu awoawo, popeza ambiri amangovomera chifukwa cha ulemu.

Namwino wa ku chipinda cha odwala mwakayakaya:
Musanatsimikize kuti vuto lonse ndi kapuyo, fufuzani zina. Ine ndinasamalirapo mayi wina amene kutupa kwake sikunkatsika, ndipo tonse tinkakayikira madzi, koma tinadzapeza kuti mchimwene wake ankamugulira diclofenac, mankhwala ochepetsa ululu, chifukwa cha msana. Mankhwala amenewo, pamodzi ndi ibuprofen, amasunga mchere ndi madzi m'thupi, amapweteka impso ndiponso amafooketsa mphamvu ya furosemide. Mchimweneyo atamva analira ngati mwana, ndipo sindidzaiwala kuti palibe aliyense wa ife amene adamufunsapo zimene anali nazo m'thumba. Funsani mofatsa za mankhwala ogula okha komanso zakudya zamchere zimene amabwera nazo, chifukwa mchere umawonjezera ludzu lomwe mukulimbana nalolo. Onaninso ngati mkodzo ukuyezedwadi kapena ukungotayidwa, ndiponso ngati sikelo ndi imodzimodzi tsiku lililonse, asanadye komanso atakodza.

Sisita woyang'anira wodi:
Zonsezo ndamva, koma tchati cha madzi ndi udindo wa namwino ndipo sichipatsidwa kwa gadiyani. Mayi amene anabisa kapu angalembe zoona pa pepala? Ndikubwerezanso kuti chotsani makapu, lembani m'fayilo, uzani adokotala.

Namwino wa zaka zambiri pa ntchito:
Tchati chikhalabe m'manja mwa namwino, a Sisita, pepalalo n'longothandizira. Anabisa kapu chifukwa ankadziwa kuti tiwalanda.

Mphunzitsi wa anamwino:
Pali machenjezo ena amene sindinawaone pano. Bambowo ali ndi nzeru zawo, choncho muyambe mwawafunsa iwowo kuti ndani amene akufuna kuti auzidwe za matenda awo, musanakhale pansi ndi mwana wamkuluyo. Musalonjezenso kuti akasiya kumwa madzi achira, chifukwa zikadzavuta mayiwo adzakhala moyo wawo wonse akudziimba mlandu kuti kapu ija ndi imene inapha amuna awo. Auzeni kuti kuchepetsa madzi kuwathandiza kupuma bwino ndi kugona, n'kulekera pomwepo. Nthawi zambiri mawu akuti ndinu ouma mtima amabisa funso lina, lakuti kodi bambo athu akufa, ndipo funso limenelo limafuna mpando, chipinda chabata ndi adokotala, osati kuyankhidwa pa khonde nthawi ya usiku. Komanso ludzu likakhala lalikulu kwambiri, liwuzeni gulu la madokotala, pakuti nthawi zina shuga amakhala atakwera kapena mlingo wa madzi umafunika kuunikidwanso.

Namwino wa ku chipinda cha odwala mwakayakaya:
Za mantha a usikuzo n'zoona. Kwathu mayi wina anakhala usiku wonse maso ali pa monita, ndipo alamu ikangolira ankathamangira pa khomo, pamene kawirikawiri kanali kawaya kamene kanamatuka pachifuwa. Kuyambira pamenepo ndimawauziratu achibale kuti nambala iliyonse ikutanthauza chiyani, ndi kuti ndi kulira kuti kumene tibwerere mothamanga. Kodi potaziyamu (mchere wa m'magazi umene umakhudza kugunda kwa mtima) ndi creatinine (imene imaonetsa mmene impso zikugwirira ntchito) za bambowo zinayezedwa liti? Ngati alinso pa digoxin, mankhwala a mtima, potaziyamu akatsika ndi furosemide ngozi yake ndi yaikulu, ndipo muziwerenga kugunda kwa mtima kwa mphindi yathunthu musanapereke digoxin.

Sisita woyang'anira wodi:
Ine ndikadali pomwe paja. Kambiranani nawo mmene mungathere, koma usiku uno pasapezeke kapu pafupi ndi bedi limenelo, ndipo adokotala adziwe za makilogalamu awiriwo asanayambe kuyendera odwala.