Thandizeni: ndikufuna kupita ndi mwana kukaonera ndege za asilikali ku Waterkloof

Moni nonse abale anga pagulu pano. Ndili ku Kasungu, ndipo ndasowa pogwira.

Mwana wanga wa Folomu 2 wakondetsetsa ndege zankhondo. Chionereni pafoni ndege za Silver Falcons za ku South Africa, zija za mtundu wa Pilatus PC-7, zikuuluka mapiko ali pafupi kugundana kwinaku zikusiya utsi woyera kumwamba, kope lake la masamu ladzaza ndi zojambula za ndege. Ndinamulonjeza kuti akakhoza mayeso ndidzamutengera ku chionetsero cha Africa Aerospace and Defence, chomwe chimachitika pa zaka ziwiri zilizonse pa bwalo la asilikali la Waterkloof ku Pretoria.

Ndafufuza pa intaneti mpaka bando kutha. Ndafunsa kwa ogulitsa matikiti a basi ku Lilongwe, iwo akungodziwa za ulendo wa ku Johannesburg basi. Msuweni wanga wokhala komweko sanapiteko.

Tsono amene munafikako, anthu wamba amaloledwa masiku ati? Matikiti amagulidwa pageti kapena pasadakhale? Nanga poti mayi ake atsala kuno, ndi makalata ati omwe adzafunike pa Beitbridge kuwonjezera pa pasipoti yake? Chonde ndithandizeni, fodya ndagulitsa kale ndipo ndalama ndikusunga.