Foni ikungoyaka n'kuzima itachita update, ndiyambire pati?

Mayi wa Awiri

Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Usiku foni yanga ya Android inapempha update, ndinavomera moto uli pa 18% ndipo malo osungira zinthu anali atatsala pang'ono kudzaza. M'mawa ndapeza ikuonetsa chizindikiro cha kampani, kunjenjemera kamodzi, kuzima, n'kuyambiranso. Sinagwe, sinanyowe. Muli zithunzi za ana zomwe sindinasunge kwina. Ena akuti ndingoifomata. Palibe njira ina?

Wokonza Mafoni

Mayi, chonde musaifomate kaye. Mafoni a masiku ano amasunga zinthu zili zokiyidwa, ndipo mukafomata kiyi yake imafufutikira limodzi, moti zithunzizo palibe angazibweze.

Yambani ndi moto. Foni ikamayaka imakoka mphamvu zambiri, ndiye batire ikakhala yatha imalephera pakati pa njira, foni n'kuzima, n'kuyesanso. Iikeni pa chaja ya pakhoma yomwe mukuidziwa kuti ili bwino, osati pa kompyuta, poti bowo la USB 2.0 limangopereka 0.5 A. Isiyeni ola lathunthu. Sikirini ikakhala bii mphindi 10 zoyambirira musataye mtima, batire ya lithium ikatsikitsitsa imayamba kulandira moto pang'onopang'ono.

Ikutchaja choncho, vulani kava. Kava yothina kapena litsiro limapanikiza batani loyatsira, ndipo batani lokakamira m'kati limayambitsa kuyaka n'kuzima kofanana ndendende ndi kumeneku. Lidinikeni mumve ngati likubwerera. Tulutsaninso memori khadi, chifukwa khadi yowonongeka imatha kuimitsa foni poyaka, komanso mwina zithunzi zina zili m'menemo.

Kenako ikakamizeni kuyambiranso. Simunatchule mtundu wa foni: pa Samsung gwirani batani lochepetsa mawu pamodzi ndi loyatsira kupitirira masekondi 7, pa ena ambiri gwirani loyatsira lokha masekondi 30. Ikakhazikika pa chizindikiro osazimanso, ilekeni mphindi 20 ili pa chaja, poti pambuyo pa update imakhala ikukonzanso mapulogalamu limodzilimodzi.

Ikakanabe, yesani Safe mode: chizindikiro chikangooneka, gwirani batani lochepetsa mawu osasiya mpaka itamaliza kuyaka. Pamenepo imayaka popanda mapulogalamu omwe munaikamo nokha. Ikalola, koperani zithunzi pa kompyuta nthawi yomweyo musanachite china chilichonse, ndiyeno mufufute mavidiyo kuti patsale malo osachepera 2 GB.

Mlongo wa Android

Ndionjezerepo za recovery, sikirini yapadera yokonzera foni yomwe imatseguka Android isanayake. Foni ili yozima, gwirani batani lokweza mawu ndi loyatsira mpaka patuluke mizere ya mawu. Pa Samsung zambiri za Android 11 kupita m'tsogolo muyenera kuyamba mwailumikiza ku kompyuta ndi waya wa USB, apo ayi mabataniwo sachita kanthu, ndipo apa ndi pamene ambiri amagonjera. Mukaona karoboti kagona chagada pali mawu oti No command, gwirani loyatsira n'kudina kamodzi lokweza mawu.

M'menemo sikirini nthawi zambiri simva chala. Mumayenda ndi mabatani a mawu, kusankha ndi loyatsira. Sankhani Wipe cache partition, kenako Reboot system now. Imafufuta mafayilo osakhalitsa okha. Koma yang'anitsitsani, chifukwa Wipe data/factory reset ili moyandikana nayo, ndipo imeneyo ndiye kufomata kuja. Mafoni monga Pixel mzere wa cache alibe n'komwe.

Muwerengenso mizere ing'onoing'ono ya pamwamba ndi pansi pa sikirini. Jambulani ndi foni ina. Muli nambala ya sofutiweya yomwe ili mu foniyo, ndipo idzafunika.

Mayi wa Awiri

Zikomo nonse. Ndatchaja, Safe mode yakana, cache ndafufuta koma sizinasinthe. Tsopano yadzilowetsa yokha pa sikirini yolembedwa kuti Cannot load Android system, ndipo pali Try again ndi Factory data reset basi.

Wokonza Mafoni

Sikirini imeneyo imabwera ndi chitetezo chotchedwa Rescue Party chomwe chinayamba ndi Android 8.0. Foni ikaona kuti ikugwa mobwerezabwereza imayesa kudzikonza, zikakanika n'kukufunsani. Dinani Try again kawiri katatu ili pa chaja. Chachiwiricho musachikhudze.

Chotsala ndi kufulasha, kutanthauza kulembanso sofutiweya ya foni kuchokera pa kompyuta, ndipo zimatheka osafufuta zinthu zanu ngati wochitayo akudziwa chosankha.

Pa Samsung timagwiritsa ntchito pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa Odin. Foni yozima, gwirani mabatani onse awiri a mawu, lowetsani waya wochokera ku kompyuta, ndiyeno dinani lokweza mawu kuti ilowe Download mode. Sofutiweya imabwera m'mafayilo a BL, AP, CP, ndi awiri ofanana maina: CSC ndi HOME_CSC. Ikani HOME_CSC. CSC wamba imafufuta zonse. Nambala ya model igwirizane chilembo ndi chilembo. Galaxy A12 ilipo ya SM-A125F yokhala ndi purosesa ya MediaTek ndi ya SM-A127F yokhala ndi Exynos, kunja n'zofanana koma mafayilo ake sasinthanitsika. Pa nambala ya sofutiweya munajambula mu recovery ija, werengani malo 5 kuchokera kumapeto. Chomwe chili pamenepo chisakhale chachikulu kuposa cha pa sofutiweya mukuikayo, chifukwa foni imakana kubwerera m'mbuyo ndipo Odin imalemba FAIL.

Mafoni ena a MediaTek amafulashidwa ndi pulogalamu ya SP Flash Tool ndi fayilo ya scatter, yosonyeza magawo a chosungira zinthu cha foniyo. Musankhe Download Only, muchotse chizindikiro pa userdata (gawo la zinthu zanu) ndi pa preloader (gawo loyambitsa foni). Format All + Download imafufutanso gawo losunga IMEI (nambala yozindikiritsa foni pa netiweki), foni n'kuyaka bwinobwino koma osagwira netiweki. Mukapita nayo kwa okonza, nenani momveka kuti mukufuna zithunzi, muwafunse asankha chiti asanalumikize waya. Moto ukhale pamwamba pa 50%, ndipo waya asagwedezeke mpaka atamaliza.

Mlongo wa Android

Kwa owerenga a iPhone: kuyambira iPhone 8, lumikizani ku kompyuta, dinani msanga lokweza mawu, kenako lochepetsa, ndiyeno gwirani la m'mbali mpaka paoneke chithunzi cha waya ndi kompyuta. Pulogalamu ya pa kompyutayo, Finder kapena iTunes, ikafunsa, sankhani Update, osati Restore.

Mayi, kufulasha kukakanika ndipo mwavomera kufomata, tsimikizani kaye kuti mukukumbukira imelo ndi pasiwedi ya akaunti ya Google yomwe inali mu foniyo. Kuyambira Android 5.1 foni yofomatidwa kudzera mu recovery imafunsa akauntiyo isanatseguke, ndipo mukasintha pasiwedi lero mungafunike kudikira maola 24. Lowaninso pa photos.google.com ndi akaunti yomweyo, mwina zithunzi zinkakwera zokha inu osadziwa. Ngati ngakhale kufomata kukukana, recovery n'kumalemba failed to mount /data, kawirikawiri ndiye kuti tchipi chosungira zinthu chatha, ndipo imeneyo ndi ntchito ya pa bodi ya m'kati mwa foni.